Mafunso ndi Mayankho: Kujambula Thambo ndi Nyumba Zakale ku Chigwa cha Shire

Makalata ambiri a mwezi uno achokera m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndipo pafupifupi onse akukamba za zithunzi. Ena akufunsa za dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, ena za nyumba zakale za m'mbali mwa njanji, pamene ena akudandaula ndi zimene zimachitikira chithunzi chikangochoka m'foni ya mwini wake. Tasankhapo ochepa, ndipo ataliatali tawafupikitsa popanda kusintha funso lake.

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito pa Dyeratu, ndipo ndikaweruka ndimakonda kukaima cha ku mlatho wa Kamuzu kuonerera dzuwa likulowa. Maso anga amaona thambo lofiira bwino ndi madzi a Shire akunyezimira, koma ndikajambula ndi foni yanga ya Itel thambo limatuluka loyera mbee, apo ayi pansi ponse pamada bii. Kodi vuto ndi foni yotchipayi? Ndine mnyamata wa pa Dyeratu, Chikwawa.

YANKHO: Achimwene, foni ili ndi mbali yake, koma vuto mukunenali limavutitsanso eni makamera a ndalama zambiri. Diso la munthu limatha kuona malo owala kwambiri ndi malo amdima nthawi imodzi, pamene kamera imayenera kusankha mbali imodzi. Ikasankha kuonetsa bwino pansi, thambo limapserera. Ikasankha thambo, pansi pamada. Mukaisiya kuti idzisankhire, kawirikawiri imafuna kukondweretsa mbali zonse ziwiri, ndipo imalephera konsekonse.

Musankhireni ndinu. Gwirani ndi chala pa sikirini pamene pali thambo lowala, pambali pang'ono pa dzuwa. Mafoni ambiri amaonetsa kachizindikiro ka dzuwa pamenepo, ndipo mukakakokera pansi chithunzi chimada pang'onopang'ono mpaka kufiira kuja kubwerere. Pansi padzadadi, koma zimenezo musaziope. Funani chinthu chimene chimadziwika ndi maonekedwe ake okha ngakhale chitada, monga msodzi ataimirira m'bwato ndi mponda wake, mtengo wa mgwalangwa, mlambe, kapena wakabaza atanyamula matumba, ndipo chiikeni kuti chionekere pa thambo lowalalo. Ngati foni yanu ili ndi HDR, yatsani. Imajambula zithunzi zingapo mofulumira n'kuziphatikiza, choncho manja asagwedere. Musanachite zonsezi pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti thukuta ndi fumbi la kuno ndi zimene zimachititsa kuti zithunzi zambiri zioneke ngati zajambulidwa m'nkhungu.

Chinanso n'chakuti anthu ambiri amachoka msanga. Mitambo imafiira kwambiri dzuwa litalowa kale, pakapita mphindi 10 kapena 15, chifukwa nthawi imeneyo kuwala kumaiomba kuchokera pansi. Koma kuno chisisira sichikhalitsa, ndipo theka la ola lisanakwane mdima umakhala wagwa. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, pamene mu Disembala limafika cha m'ma 6 koloko, choncho fikani pamalo nthawi ikadalipo.

Nyengo nayo imasintha zinthu. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mpweya wa m'chigwa umadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire ndi wa nzimbe zimene amawotcha asanadule cha ku Nchalo. Dzuwa limasanduka mpira wofiira umene umazimirira usanafike pansi, ndipo mapiri a ku Thyolo saoneka n'komwe. Zimenezo zili ndi kukongola kwake, koma ngati mukufuna mitambo yooneka bwino ndi mapiri akuthwa, dikirani mvula yoyamba itsuke mpweya. Kwa ine, thambo labwino koposa la chigwa chino ndi la pakati pa Disembala ndi Epulo, madzulo mvula itangokata. Tsiku lina mudzayesenso kukwera chitunda cha ku Thabwa m'mamawa: dzuwa lidzakhala kumbuyo kwanu, ndipo chigwa chonse ndi Shire akukhotakhota zidzawala patsogolo panu popanda vuto la kupserera lija. Mukakhala pagombe madzulo musaiwale kuti nthawi imene thambo likukoma ndi yomwenso ng'ona ndi mvuu zimayandikira kumtunda.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndimafuna kuonetsa ana zithunzi za mwezi ndi nyenyezi zojambula ndekha. Mwezi umatuluka ngati kadontho koyera kopanda maonekedwe, ndipo nyenyezi sizioneka n'komwe, chonsecho kuno usiku zimachita kuti mbuu. Ndichite chiyani? Ndine mayi wa ku Ngabu.

YANKHO: Mayi, mavuto anu ndi awiri osiyana, ndipo mankhwala ake ndi otsutsana. Mwezi ukukuvutani chifukwa ndi wowala kwambiri, nyenyezi chifukwa kuwala kwake n'kochepa kwambiri.

Tiyambe ndi mwezi. Kuwala kumene timaona pa mwezi ndi kwa dzuwa lomweli, kotero kuti kuujambula kuli ngati kujambula mwala uli padzuwa masana. Foni ikaona mdima wozungulira imaganiza kuti pakufunika kuwala kochuluka, imatsegula diso nthawi yaitali, ndipo mwezi umapserera. Lowani mbali ya kamera yolembedwa Pro kapena Manual, ikani ISO, imene ndi muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, pa nambala yotsikitsitsa, 50 kapena 100, ndipo nthawi yotsegula diso, imene imalembedwa S, ikhale 1/250 kapena 1/500. Mukatero mabala akuda a pamwezi adzayamba kuoneka. Za kuchepa kwake ndiye palibe chithandizo chenicheni. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, ndipo pa kamera wamba ya foni sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a m'lifupi mwa chithunzi. Kukoka ndi zala kuti ukule sikuwonjezera kanthu, kumangokulitsa kusaoneka bwino komweko. Ngati pasukulu pali mabainokyula, gunditsani diso la foni pa galasi lake loonera, ndipo mudzadabwa ndi zotsatira zake. Apo ayi, lolani mwezi ukhale waung'ono koma ukhale ndi malo: tsiku limodzi usanakhale wathunthu umatuluka kum'mawa dzuwa lisanalowe, kunja kukuwalabe, ndipo mutha kuujambula uli pamwamba pa denga la sukulu kapena pakati pa nthambi za mlambe, zonse zikuoneka bwino.

Nyenyezi zimafuna usiku wopanda mwezi, malo akutali ndi mababu, ndi foni yosagwedezeka ngakhale pang'ono. Simufunika kugula choimikapo cha miyendo itatu. Dzazani mchenga kapena mpunga m'kathumba, kaikeni pa mpando kapena pa mtondo wovundikira, ndipo mutsamiritse foni pamenepo itayang'ana kumwamba. Mu Pro ikani ISO pa 1600 kapena 3200, nthawi ikhale masekondi 15 kapena 20, ndipo focus muikankhire kumapeto kumene kuli chizindikiro cha phiri kapena cha 8 wogona. Tcherani timer ya masekondi angapo kuti chala chanu chisagwedeze foni. Musapitirire masekondi 20 kwambiri, chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo nyenyezi zimayamba kuoneka ngati timizere. Mafoni ena otchipa salola nthawi yaitali chotere. Ngati yanu ili m'gulu limenelo, yesani Night, ndipo mudzapeza nyenyezi zowala zokhazokha.

Nthawi yabwino ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, utsi usanachuluke kwambiri mumpweya. M'miyezi imeneyi mbali yowala kwambiri ya Mlalang'amba imadutsa pafupifupi pamutu penipeni, cha m'ma 10 koloko usiku pakati pa Julayi ndi cha m'ma 8 koloko pakati pa Ogasiti, mwayi umene anthu a ku Ulaya alibe chifukwa kwawo imangoonekera m'munsi. Nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zimaimirira bwino kummwera madzulo a Meyi ndi Juni. Nsangwe zimaoneka kum'mawa madzulo mvula ikamayandikira, ndipo Akamwiniatsatana amazitsatira pambuyo. Anawo muwauzenso kuti nthanda si nyenyezi yeniyeni koma ndi dziko lotchedwa Venus, ndipo ndi lomwelo limene nyengo zina limaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Makolo a Chimang'anja ankaziona ngati akazi awiri a mwezi, Chekechani wa kum'mawa amene amaumana chakudya mpaka kuwonda, ndi Puikani wa kumadzulo amene amaudyetsa mpaka kunenepa, ndipo nkhaniyo imagwirizana bwino ndi mmene mwezi umachepera ndi kukulira.

Poti mukhala ndi ana, chenjezo limodzi lokha. Akuluakulu a kumunsi kwa Nsanje akukumbuka kadamsana wa pa 21 Juni 2001, amene mdima wake wathunthu unakhudza nsonga ya kummwera kwa dziko lino. Kadamsana wa dzuwa akadzachitikanso, mwana asadzayang'ane dzuwa ndi maso, ndi magalasi akuda wamba, ngakhale kudzera m'mabainokyula, chifukwa maso amapsa popanda kumva kupweteka.

FUNSO: Anzanga a pa Facebook amaika zithunzi za nyumba zakale za ku Zomba ndi Blantyre, ndipo amandiseka kuti kwathu kulibe choti n'kujambula koma minga ndi mbuzi. Kodi n'zoona? Komanso ndikajambula nyumba, makoma amaoneka ngati akugwera kumbuyo. Ndine mtsikana wa pa Bangula.

YANKHO: Achemwali, anzanuwo mbiri ya dziko lino sakuidziwa bwino. Msewu usanabwere, khomo lolowera m'dziko muno linali mtsinje wa Shire. David Livingstone anakwera mtsinjewu mu 1859, ndipo amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda amene anamanga Blantyre ndi Zomba anadzera m'chigwa mwanumo, katundu wawo akutsitsidwa pa Port Herald, amene lero ndi Nsanje, pa Chiromo ndi cha ku Chikwawa. Njanji yochokera ku Port Herald kudzera ku Chiromo inafika ku Blantyre mu 1908, kenako inatalikitsidwa kummwera mpaka ku Zambezi, kumene mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935. Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA, anamwalira pa 31 Januwale 1862 ndipo anaikidwa pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Manda a Henry Scudamore ndi Dr John Dickinson, a mishoni yomweyo, ali ku Chikwawa, ndipo a Richard Thornton, katswiri wa za miyala amene anayenda ndi Livingstone, ali cha ku Majete; onse atatuwa anamwalira mu 1863, chaka chimene mzinda wa Blantyre kunalibe.

Chimene chili choona n'chakuti kuno simupeza nyumba zikuluzikulu zosamalidwa bwino ngati Mandala House ya mu 1882. Zathu ndi zazing'ono ndipo zambiri zikutha: nyumba za masiteshoni a njanji ndi za antchito ake, mlatho wa Chiromo, mashedi ogulira thonje, matchalitchi ndi nyumba za mamishoni monga ku Chididi ndi ku Muona, ndi sitolo za makonde aatali zimene amwenye anasiya m'zaka za m'ma 1970 boma litawalamula kuti azichita malonda m'mizinda yokha. Kutha kwakeko ndiye chifukwa chenicheni chozijambulira. Thambo limene mwaphonya lero libweranso mawa, koma khoma limene madzi agwetsa silidzukanso. Inu nomwe mukudziwa kuti sitima inasiya kuwoloka pakati pa Bangula ndi Makhanga madzi atadula njanji pa Mtayamoyo mu 1997, ndipo kuchokera pamenepo chigwa chaona madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Zimene madzi asiya, chiswe, ogula zitsulo zakale ndi ofuna njerwa zaulere akumalizitsa. Ngakhale ntchito yabwino yokonzanso njanji kuchokera ku Marka kubwera ku Bangula ikutanthauza kuti zakale zina zichotsedwa. Nyumba ya ku Zomba yajambulidwa ndi anthu osawerengeka, pamene sitolo yakale ya pa Tengani mwina chithunzi chake chokha chidzakhala chanucho.

Tsono mukafika pa nyumba yotere musangojambula kamodzi n'kuchoka. Yambani ndi chithunzi cha patali choonetsa nyumbayo ndi zoizungulira, msewu, mtengo kapena phiri, kuti wina adzathe kuloza malowo ngakhale nyumbayo itadzagwa. Kenako jambulani mbali zonse zinayi. Mukatero yandikirani, chifukwa zokoma zili pafupi. Onani mmene njerwa anazisanjira pamwamba pa chitseko, mahinjesi ndi maloko, mabowo olowetsa mphepo m'munsi mwa denga, ndi dzina la sitolo limene likuonekerabe pansi pa laimu. Pa njanji gwadani muyang'ane m'mbali mwa chitsulo: opanga njanji amadinda dzina lawo ndi chaka, ndipo mukapukuta dothi ndi dzanja, dzuwa likuomba cham'mbali, zilembozo zimawerengeka. Ngati pakhoma pali mzere wa matope umene madzi osefukira anasiya, muimike munthu pambali pake kuti msinkhu wa madziwo udziwike. Ambiri amaupewa mzerewo poti ukuipitsa chithunzi, koma pakadzapita zaka ndi umene anthu adzauyang'anitsitse.

Za makoma ogwera kumbuyo, chimachititsa ndi kupendeketsa foni. Mukaima pafupi n'kuidzutsa kuti denga lilowe, mizere yoongoka imayamba kukumana kumwamba. Bwererani m'mbuyo, gwirani foni itaimirira chilili mofanana ndi khoma, ndipo ngati pansi pachuluka mudzadulapo pambuyo pake. Kukwera pa chulu kapena pa ngolo kumathandizanso. Yatsani mizere ya grid kuti muziyerekeza nayo ngodya za nyumba, ndipo pewani kamera yotambalala, yolembedwa 0.5, imene imapinda chilichonse cha m'mphepete.

Masana dzuwa lili paliwombo ndi nthawi yoipa kwa nyumba za makonde, chifukwa malata amawala mothobwa m'maso pamene khonde lonse lili mumdima. Pitani m'mawa isanakwane 8 koloko kapena madzulo itapitirira 4 koloko. Dziwaninso kuti kuyambira kumayambiriro kwa Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadzera chakumpoto, kotero kuti khoma loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi nthawi yaitali. Khoma lotero limatuluka bwino tsiku la mitambo. Ndipo m'nyumba yosiyidwa musalowe mwachisawawa, pakuti mitengo ya denga imene chiswe chadya imaoneka yolimba kunja kokha, ndiponso njoka ndi mavu zimakonda malo otero.

FUNSO: Tsiku lina ndikujambula nyumba ina yakale, mlonda anandigwira n'kundikakamiza kufufuta zithunzi zonse. Kodi lamulo limaletsa kujambula nyumba? Nanga ndikafuna kukajambula ku Khulubvi ndingatani? Ndine bambo wa kwa Tengani.

YANKHO: Bambo, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Nyumba imene ikuonekera kumsewu munthu amatha kuijambula ataima pamsewupo, koma mukalowa mumpanda muli pamalo a eni ake, ndipo mawu awo ndiwo amagwira ntchito. Palinso malo amene boma limawateteza pa zifukwa za chitetezo, monga a asilikali, ndende, zipata za m'malire ngati Marka ndi malo opangira magetsi ngati Kapichira, ndipo kumeneko musatulutse kamera musanafunse woyang'anira. Pa milatho ikuluikulu ndi pa zipata za apolisi chitaninso chimodzimodzi. Nyumba ndi manda amene ali m'kaundula wa zinthu zakale amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, limene cholinga chake n'kuletsa kuwononga ndi kuchotsa zinthu, choncho musatole kanthu, musalembe pakhoma, ndipo musasunthe mwala pofuna kuti chithunzi chikome.

Koma kumudzi nkhani imatha ndi ulemu lamulo lisanatchulidwe n'komwe. Safunsa anadya phula. Yambani mwaonekera kwa a nyakwawa kapena kwa mwini malo, perekani moni, fotokozani kuti ndinu yani, kwanu n'kuti, ndipo zithunzizo mukapita nazo kuti. Anthu a m'chigwa chino ajambulidwa kwambiri nthawi ya njala ndi ya madzi osefukira ndi alendo amene sanabwerenso, kotero kuti akamakayika kamera ali ndi chifukwa. Mukajambula aonetseni, ndipo ngati n'kotheka mudzawabweretsere chimodzi chotsukitsa. Phindu lina la kufunsa n'lakuti agogo amene akupatsani chilolezowo ndi omwenso angakuuzeni amene anamanga nyumbayo ndi chimene ankagulitsamo, zinthu zimene kamera singazione.

Ku Khulubvi ndiye nkhani ina. Kumeneko ndi kachisi wa Mbona, malo opatulika amene anthu akupembedzerapobe, ndipo boma linawaika mu 2011 pa mndandanda wa malo amene likufuna kuti UNESCO idzawavomereze ngati chuma cha dziko lonse. Munthu salowa m'nkhalangomo yekha. Mumadzera kwa mafumu ndi akuluakulu osunga kachisi, iwo ndi amene amakuuzani za kavalidwe, za nsapato, pamene mungafike ndi pamene simungafike, ndiponso ngati kamera ikuloledwa. Akakana, kwatha, ndipo kujambula mobisa n'kuika pa intaneti ndi chipongwe kwa Amang'anja onse. Manda a m'midzi nawonso sajambulidwa popanda mawu a amfumu ndi eni mbumba.

FUNSO: Ndikatumiza chithunzi pa WhatsApp chimafika chosaoneka bwino. Chinanso, chithunzi changa cha utawaleza pamwamba pa minda ya nzimbe ndinachipeza pa tsamba lina atachotsa dzina langa. Ndingatani? Ndine wophunzira wa ku Nchalo.

YANKHO: WhatsApp ndi Facebook zimafinya chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo thambo ndi limene limavulala msanga, chifukwa mitundu yake yosintha pang'onopang'ono imasanduka mizeremizere. Pa WhatsApp dinani HD musanatumize, kapena tumizani ngati Document kuti chifike mmene chilili, ngakhale kutero kumadya bandulo yochulukirapo. Chithunzi chimene chadutsa m'magulu atatu kapena anayi chimakhala chafinyidwa kangapo, ndipo sichingabwererenso mwakale.

Pa za kubedwa, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi, ndipo umwini umayamba pamene mwajambula popanda kulembetsa kulikonse. Umboni wanu ndi chithunzi choyambirira cha m'foni, chimene chimasunga tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni. Chimenecho musachifufute ndipo musachipereke kwa aliyense. Alembereni eni tsambalo mwaulemu kuti aike dzina lanu kapena achichotse. Akakana, Facebook ili ndi njira yodandaulira za umwini, ndipo ngati akuchigwiritsa ntchito pa malonda mungafunse malangizo ku bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso la COSOMA. Dzina lanu muzililemba laling'ono pamalo ovuta kudula, koma lisakhale lalikulu mpaka kuphimba utawaleza womwewo.

Ndiwonjezepo zimene simunafunse. Zithunzi zambiri za thambo zimene timalandira kuno n'zothiridwa mitundu mopitirira muyeso, mtambo wofiirira ngati biringanya, nzimbe zobiriwira moti sizinamerepo chotero. Kuwalitsa pang'ono, kuongola ndi kudula n'kololeka, pakuti kamera siona ndendende zimene diso linaona. Koma kuika thambo la kwina pamwamba pa nyumba ya kwanu, kapena kutumiza chithunzi chopangidwa ndi kompyuta ngati kuti munajambula, ndi bodza, ndipo pa nyumba zakale bodzalo limawononga umboni. Pansi pa chithunzi chilichonse lembani malo, tsiku ndi mbali imene munayang'ana. Mawu akuti "kwathu n'kokongola" sathandiza munthu wofufuza, pamene "sitolo yakale pa Bangula, kuyang'ana kum'mawa, Julayi 2024" adzathandiza ngakhale adzukulu anu. Ngati m'chithunzimo muli nkhope za anthu, makamaka ana, pemphani kaye musanachiike pagulu.

FUNSO: Kodi mphezi ingajambulike ndi foni? Ndine mlimi wa ku Makhanga.

YANKHO: Ingajambulike, bambo, koma chala sichingapikisane nayo. Njira yapafupi ndi kujambula vidiyo foni itakhazikika, kenako n'kuimitsa pamene yang'anima n'kusunga chithunzi chimenecho. Usiku mutha kutsegula diso la kamera masekondi 10 mobwerezabwereza ISO ili pa 100, mpaka imodzi igweremo. Jambulani mvula ikadali kutali, monga ikamagwa cha ku mapiri a ku Mozambique. Werengani masekondi kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda kwa bingu: masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30 lowani m'nyumba, ndipo pansi pa mtengo, m'bwato kapena pakati pa dimba musapezekepo.

FUNSO: Foni yanga inapita ndi madzi nthawi ya Freddy pamodzi ndi zithunzi za nyumba imene malemu bambo anga anamanga, ndipo nyumbayo inagwanso. Panopa ndayambiranso kujambula. Ndizisunga bwanji kuti zisadzatayikenso? Ndine mayi wa kwa Mlolo.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri. Musanataye mtima, yesani kulowa mu akaunti ya Google imene munkagwiritsa ntchito pa foni yakaleyo, chifukwa mafoni ena amakhala akusunga zithunzi ku Google Photos mwini wake osadziwa. Funsaninso abale amene munawatumizirapo pa WhatsApp, ndipo muyang'ane pa Facebook yanu. Ngakhale chofinyidwa chili bwino kusiyana ndi kusowa chilichonse.

Kuyambira tsopano chithunzi chofunika chizikhala malo atatu osiyana. Oyamba ndi foni yomweyo kapena memory card yake. Achiwiri ndi pa intaneti: akaunti ya Google imapereka malo a 15 GB aulere, ndipo kuti bandulo isathe musatumizeko zonse, muzisankha zofunika zokha. Nambala yachinsinsi ya akauntiyo muilembe penapake ndipo mwana wanu wamkulu kapena m'bale wodalirika aidziwe. Achitatu ndi kwa m'bale amene amakhala kumtunda, kutali ndi madzi, kaya pa flash disk kaya pa foni yake. Kutentha kwa kuno, kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kumafupikitsa moyo wa batire ndi wa foni, choncho musaisiye padzuwa kapena pansi pa malata otentha n'kumaiyesa nkhokwe yodalirika.

Zithunzi zochepa zimene mumazikonda koposa mukazitsukitse ku studio. Kumbuyo kwake lembani ndi pensulo malo, chaka ndi mayina a anthu ali pamenepo, chifukwa inki ya bolopeni imalowerera ikanyowa. Zikulungeni m'pulasitiki wotseka bwino pamodzi ndi ziphaso ndi makadi a kuchipatala, m'chikwama chimene mumanyamula chenjezo la madzi likaperekedwa. Ngati pakati pa zithunzi zanu pali za nyumba ya mishoni, ya njanji kapena ya boma imene inagwa, dziwitsani a National Archives ku Zomba kapena a Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, amene amasunga zithunzi zakale za dziko lino, ndipo muwafunse ngati angalandire kope lake.